Madzi a Pansi pa Nthaka ndi Mtsinje wa Songwe

Caka cina m'mwezi wa Okutobala ndinapita ku Chitipa kukaona ophunzira athu amene anali kuyesera kuphunzitsa m'sukulu za m'midzi. Pa sukulu yina ya kufupi ndi mtsinje wa Songwe ndinapeza mmodzi wa iwo alikuphunzitsa za mitsinje. Phunziro lace analikonza bwino, ndipo mapu anawajambula mwaluso pa bolodi. Iye anauza ana kuti madzi a m'mitsinje acokera ku mvula, ana nabwereza mauwo onse pamodzi. Koma atatsala pang'ono kutsiriza, mtsikana wina wokhala kumbuyo anaimika dzanja nafunsa kuti, "Aphunzitsi, mvula inaleka mu Epulo. Nanga madzi amene alikuyenda mu Songwe lero acokera kuti?" Mphunzitsi uja anaceukira kwa ine, ndipo ndinaona pa nkhope yace kuti yankho analibe.

Sindimdzudzula mnyamatayo, pakuti ambiri a ife tinaphunzira za mitsinje poloweza maina ace okha. Koma funso la mwana uja si la ana okha ai. Ndi funso lomwelo limene akuluakulu a maiko amalimbana nalo akakhala pansi kuti agawane madzi a mtsinje umodzi. M'nkhani ino ndifuna kuyankha funsolo, ndi kusonyeza cifukwa cace citsime cokumbidwa m'mudzi wa ku Chitipa ciri ndi gawo m'mapangano amene dziko lathu linacita ndi maiko oyandikana nalo. Inu amene mudzaphunzitsa m'maboma ena musaganize kuti nkhaniyi siikukhudzani, popeza Ruo, Shire ndi Nyanja yathu yomwe tigawana ndi anzathu.

MTSINJE WA MAIKO AWIRI

Magwero a Songwe ali ku mapiri a cakumene malire a Malawi, Tanzania ndi Zambia akomana. Kucokera kumeneko mtsinjewu uyenda mtunda wa makilomita ngati 200 kufikira ukathira m'Nyanja ya Malawi kumpoto kwa Karonga. Dera lonse limene madzi ace amatsikira mu Songwe liposa pang'ono masikweya kilomita 4,200. Tsidya lino kuli maboma a Chitipa ndi Karonga, ndipo tsidya lija kuli Ileje, Kyela ndi maboma ena a dziko la Tanzania. Pophunzitsa mucenjere, cifukwa m'Tanzania muli mtsinje winanso wa dzina lomweli, umene umapita ku nyanja ya Rukwa. Umenewo sindiwo tirikunena pano.

Songwe anasanduka malire m'caka ca 1890, pamene Angelezi ndi Ajeremani anapangana za maiko amene aliyense wa iwo adzalamulira. Eni ace dziko sanafunsidwe kanthu. Cifukwa cace mpaka lero mupeza Alambya, Andali ndi Anyiha ku mbali zonse ziwiri za mtsinje, ndipo kumunsi Ankhonde a ku Karonga ndi Anyakyusa a ku Kyela amamvana cinenero. Anthu amenewa amakwatirana, amagulitsana malonda, ndipo maliro akagwa tsidya lina amaoloka kukakhuza. Kwa iwo Songwe ndi mtsinje wa kwao, wosambamo ndi womwetsamo ng'ombe. Koma kwa maboma awiriwa ndi malire, ndiponso ndi cuma cimene aliyense ayenera kutengako gawo lace.

Kumunsi, m'cigwa ca kufupi ndi Nyanja, mtsinjewu uli ndi khalidwe lobvuta. Umakhotakhota m'nthaka yofewa, ndipo madzi akasefukira umasiya khwawa lace lakale nuboola lina. Munthu amene analima mpunga m'Malawi caka catha angathe kupeza munda wace womwewo uli tsidya la Tanzania caka cino. Bvuto limeneli ndilo linayamba kukhalitsa maboma awiri pansi kuti akambirane za Songwe.

Tisaiwalenso kumene madziwa amapita. Songwe athira m'Nyanja, Nyanja ituruka mu Shire, Shire athira mu Zambezi m'dziko la Mozambique. Magetsi ambiri a dziko lathu apangidwa ndi madzi a mu Shire pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Kuyambira caka ca 1915 kufikira 1935 Nyanja inatsika kotero kuti Shire analeka kuturuka m'menemo, ndipo m'zaka za 2016 ndi 2017, Nyanja itatsikanso, magetsi anali kuzima maola ambiri tsiku ndi tsiku. Motero mitsinje ya kumpoto imene imadyetsa Nyanja iri ndi nchito kwa munthu wa ku Blantyre amene sanaione n'komwe.

KUMENE MTSINJE UMATENGA MADZI M'CIRIMWE

Mvula ikagwa, madzi ace amagawika patatu. Ena amathamanga pamwamba pa nthaka kulowa m'makwawa. Amenewa ndiwo madzi ofiira amene amadzaza mtsinje tsiku la mvula, ndipo sakhalitsa. Ena amauma ndi dzuwa, kapena amamwedwa ndi mizu ya zomera nabwerera kumwamba podzera m'masamba. Otsalawo amalowa pansi pang'onopang'ono, kupitirira pamene mizu ilekeza, nakaima pamene apeza thanthwe losaboleka.

Anthu ambiri amayesa kuti pansi pa nthaka pali nyanja kapena mitsinje yoyenda monga ya pamwamba. M'dera lathu lino siziri conco. Madzi a pansi amakhala m'timipata ta pakati pa mcenga ndi timiyala, ndiponso m'ming'alu ya matanthwe, monga momwe madzi amakhalira mumcenga wa mumtsinje wouma, umene amai amafukula ndi cipande natungamo. Pansi pa cidikha ca Chitipa pali thanthwe lakalekale, lolimba kwambiri. Mwa zaka zosawerengeka mbali yace ya pamwamba inafumbutuka nikhala yofewa, ndipo m'mwala wofumbutukawo, pamodzi ndi m'ming'alu ya kunsi kwace, ndimo mijigo yathu imapeza madzi. Nkhokwe yotere si yaikuru. Imakwanira mudzi, koma ifuna kudzazidwa ndi mvula caka ndi caka.

Mukasuzumira m'citsime muona pamene madzi alekeza. Pamenepo tingapachule kuti msinkhu wa madzi a pansi. Msinkhuwu umakwera m'dzinja, nutsika m'cirimwe. Ndiponso suli wolingana ponseponse: pa mtunda uli pamwamba, m'cigwa uli pansi, kotero kuti madzi amayenda kutsata kutsetsereka kwa dziko. Ulendo wao ndi wa pang'onopang'ono ndithu. Mtunda umene madzi a pamwamba atha pa ola limodzi, madzi a pansi angautengere miyezi kapena zaka. Akafika pamene nthaka yatsika kufikira msinkhu wao amaturukira kunja. Pamenepo ndipo timaona kasupe m'mbali mwa phiri, kapena dambo losauma, kapena madzi obvumbuka mwakacetecete pansi pa mtsinje weniweniwo, pamene maso sangawaone.

Tsono yankho la mtsikana uja ndi ili: madzi amene amayenda mu Songwe mu Okutobala ndiyo mvula ya Januwale ndi Febuluwale, ndi ya zaka zam'mbuyo, imene inalowa pansi m'nkhalango za ku Misuku monga Mughese, Wilindi ndi Matipa, m'madambo a mtsinje wa Kaseye, ndi m'mapiri a ku Ileje tsidya lija, ndipo irikuturuka tsopano pang'onopang'ono. Cifukwa cace madzi a m'cirimwe amakhala oyera ndi ozizira, pakuti asefedwa m'nthaka. Akatswiri a pa University of Strathclyde ya ku Scotland, pogwirizana ndi a Boma lathu, anasanthula mawerengero a mitsinje yambiri ya m'Malawi, ndipo m'caka ca 2020 anaonetsa kuti m'cirimwe madzi oposa magawo 9 mwa magawo 10 a m'mitsinje yathu acokera pansi pa nthaka. Kunena mwacidule, citsime ndi mtsinje zimamwa mumtsuko umodzi.

CIMENE CIMACITIKA TIKAMATUNGA

Ngati mtsuko uli umodzi, ndiye kuti ndowa iriyonse yotungidwa pa mjigo ndi ndowa imene ikadafika ku mtsinje tsiku lina. Izi zisatiopse msanga. Tiyeni tiyambe tawerengera.

Boma limafuna kuti mjigo umodzi utumikire anthu 250. Tiyese kuti munthu aliyense atha ndowa ziwiri za malita 20 pa tsiku, pakumwa, kuphika, kusamba ndi kucapa. Ndiye kuti mudzi wonse utunga malita 10,000 pa tsiku. Madzi amenewa ndi ocepa poyerekeza ndi mvula yogwa pa minda ndi chire la mudziwo, pakuti mvula ya milimita imodzi yokha ikagwa pa hekitala imodzi ndiwo malita 10,000 omwewo. Mjigo wopukusa ndi manja uli ndi malire acibadwa, ndiwo kutopa kwa mkono wa munthu. Cotero tinene poyera kuti mijigo ya m'midzi ya ku Chitipa siingaphwetse Songwe, ndipo munthu asaletsedwe madzi akumwa cifukwa ca nkhani ino.

Koma taonani cimene cicitika pamene mkono walowedwa m'malo ndi makina. Masiku ano mapampu oyendera mphamvu ya dzuwa alikuculuka m'dziko muno, m'masukulu, m'zipatala ndi m'minda yothirira. Pampu yokoka malita 2 pa sekondi, ikagwira nchito maola 10, ikoka malita 72,000, ndiwo madzi okwanira midzi isanu ndi iwiri yonga uja tawerengera. Ndipo munda wa hekitala imodzi wothiriridwa m'nyengo yotentha, ngati ufuna madzi a mamilimita 5 pa tsiku, umwa malita 50,000, ndiko kunena kuti munda umodzi ulingana ndi midzi isanu. Ulimi wothirira ndi cinthu cabwino, ndipo anthu athu aufuna kuti athane ndi njala. Koma umafuna madzi ambiri pa nyengo yomwe ija mtsinje ulibe pena podalira koma madzi a pansi.

Pampu ikamakoka, msinkhu wa madzi umatsika mozungulira mjigowo, monga dzenje limene limaoneka mu ufa mukamatapa ndi cikho pakati pa lichero. Dzenjelo likakula limagwira madzi amene anali pa ulendo wopita ku mtsinje. Likakulirakulira kufikira pa gombe, zinthu zimatembenuka: mtsinje umene unali kulandira madzi kucokera m'nthaka umayamba kutaya madzi ace kulowa m'nthaka. Zitsime zosaya za anansi ndizo zimayamba kuphwa, pambuyo pace akasupe, potsiriza mfuleni.

Cobvuta kopambana ndi cakuti zimenezi sizioneka tsiku lomwelo. Munthu akapatutsa mtsinje ndi ngalande, a kumunsi amadziwa m'mawa mwace, napita kukadandaula kwa mfumu. Koma mjigo wokhala kutali ndi mtsinje ungakoke madzi zaka zingapo mtsinje usanasonyeze kanthu, ndipo ngakhale auleke, mtsinje umacedwanso kubwerera mwakale. Akuluakulu anati citsime cidziwika kuya cikaphwa. Pa nkhani ya madzi a pansi, kudikira kuti ciphwe ndiko kucedwa.

Palinso njira yaciwiri yocepetsera madzi a m'cirimwe, ndipo ku Chitipa lero ndiyo yoopsa kuposa mapampu. Imeneyi ndiyo kutseka khomo lolowera madzi. Mitengo ikatemedwa m'mapiri ndi kutenthedwa kuti pabzalidwe mawere, kapena kuti aoche makala; moto wolusa ukapsereza udzu caka ndi caka; anthu akalima motsetsereka popanda mizere yopingasa; madambo akakumbidwa ngalande kuti aume; pamenepo mvula siipeza nthawi yolowa pansi. Imathamanga yonse tsiku limodzi itasenza dothi, nikasefukira m'minda ya mpunga ku Karonga ndi ku Kyela, ndipo pofika Okutobala nkhokwe ya pansi iri pafupi kutha. Kusefukira kwa m'dzinja ndi kuphwa kwa m'cirimwe ndi ana a mimba imodzi.

MAPANGANO AMENE DZIKO LATHU LINALOWAMO

M'mudzi muli mwambo wa pa madzi ngakhale sunalembedwe. Wa kumtunda sacapa pamene wa kumunsi atunga akumwa, ndipo wa dimba la kumtunda satseka mfuleni wonse. Maiko naonso anaona kuti afunika mwambo wotere, koma wao amaulemba ndi kusainirana.

Pangano loyamba loti tilidziwe ndi la maiko a kumwera kwa Africa a m'bungwe la SADC, lonena za mitsinje yogawana, limene linasainidwa ku Windhoek m'dziko la Namibia m'caka ca 2000, niliyamba kugwira nchito mu 2003. Malawi ndi Tanzania onse ali m'bungwe limeneli. Cinthu cofunika kwa ife m'panganoli ndi cakuti pochula mtsinje silinena madzi a pamwamba okha, koma madzi a pamwamba ndi a pansi pamodzi, popeza ali olumikizana ndipo apita kumodzi. Panganoli silipatsa dziko lirilonse ciwerengero ca malita, koma liika malamulo a makhalidwe, ndipo akuru ace ndi atatu. Loyamba, dziko lirilonse ligwiritse nchito madziwo mwacilungamo ndi mosapyola muyeso, poganizira zosowa za anzace. Laciwiri, dziko lisacite kanthu kobweretsa cionongeko cacikuru kwa dziko linzace. Lacitatu, dziko likafuna kuyamba nchito yaikuru imene ingasinthe mtsinje, liyambe ladziwitsa anzace ndi kuwapatsa nthawi yoti ayankhe. Malamulo omwewa apezekanso m'pangano la United Nations la caka ca 1997.

Laciwiri ndi pangano la mtsinje wa Zambezi, losainidwa ku Kasane m'dziko la Botswana m'caka ca 2004, limene linakhazikitsa bungwe lochedwa ZAMCOM. Maiko a m'dera la Zambezi ndi asanu ndi atatu: Angola, Botswana, Malawi, Mozambique, Namibia, Tanzania, Zambia ndi Zimbabwe. Songwe alowa m'menemo cifukwa madzi ace amakafika mu Zambezi.

Lacitatu ndi la Songwe mwini wace. M'caka ca 2017 maboma a Malawi ndi Tanzania anasainirana pangano lokhazikitsa bungwe limodzi loyang'anira dera lonse la mtsinjewu, lochedwa Joint Songwe River Basin Commission, ndipo bungwelo linatsegulidwa mu 2019. Mapulani amene anakonzedwa ndi cithandizo ca African Development Bank anali akuti kumunsi kwa Songwe kumangidwe damu lopanga magetsi okwana mamegawati 180, oti maiko awiriwa agawane pakati, ndi kuti madzi ace athirire minda ya mahekitala ngati 6,000 ku mbali zonse ziwiri. Damu likadathandizanso kuweta mtsinje kuti uleke kusamukasamuka. Tsono lingalirani: damu lotere lidalira madzi olowamo caka conse, ndipo dothi lokokoloka kumtunda ndilo limalikwirira. Ngati mbali imodzi isamala mapiri ndi madambo ace, inzace niononga, kodi kugawana pakati kudzakhala kwa cilungamo?

Dziko silingasunge pangano lakunja ngati liribe lamulo la m'kati mwace. Kwathu kuno lamulolo ndi lamulo la za madzi la caka ca 2013, limene linalowa m'malo mwa lakale la 1969, ndipo linakhazikitsa bungwe la National Water Resources Authority. Mwa lamuloli madzi onse a m'dziko, a pamwamba ndi a pansi omwe, ali m'manja mwa Boma m'malo mwa anthu onse. Munthu wotunga madzi a pakhomo safuna cilolezo, koma woboola mjigo ndi wokoka madzi ambiri a ulimi kapena a malonda ayenera kupempha. Tanzania nayenso ali ndi lamulo lace la caka ca 2009. Anthu ena amadandaula nati, "Munda ndi wanga, mjigo ndaboola ndi ndalama zanga; cilolezo n'ca ciani?" Yankho lace ndi lakuti munda uli ndi malire, koma madzi a pansi pace alibe, alikudutsa cabe pa ulendo wopita kwa ena.

CITSANZO CA KU AMERICA

Kuti tione kumene nkhani yotere imafika ikanyalanyazidwa, tiyeni tipite ku United States of America. Kumeneko kuli mtsinje wochedwa Republican, umene umadutsa m'zigawo zitatu zodzilamulira, Colorado, Nebraska ndi Kansas. M'caka ca 1943 zigawozi zinapangana kugawana madzi ace motere: mwa magawo 100, Nebraska atenge 49, Kansas 40, Colorado 11. Pa nthawiyo alimi ambiri anali kuthirira ndi ngalande zocokera mumtsinje, ndipo za madzi a pansi anthu sanazilabadire kwenikweni.

Zaka zotsatira kunabwera mapampu amphamvu, ndipo alimi a kumtunda anaboola mijigo zikwi zambiri. Palibe mmodzi wa iwo amene anapatutsa mtsinje, komabe madzi ofika ku Kansas ananka nacepa. M'caka ca 1998 Kansas anakasuma ku bwalo lalikuru la milandu la dzikolo. Nebraska anadzikanira nati pangano linanena za mtsinje, osati za zitsime. Koma mlandu unagamulidwa kuti madzi a pansi awerengedwe monga gawo la mtsinje, pa muyeso umene kuwakoka kucepetsa mtsinjewo, ndipo mu 2002 zigawo zitatuzi zinabvomerezana njira yowerengera. Ngakhale zinatero, Nebraska anapyolanso gawo lace m'zaka za cilala za 2005 ndi 2006, ndipo mu 2015 bwalo lija linamlamula kulipira Kansas madola 5.5 miliyoni.

Kuti asunge pangano, a kumtunda anacita zinthu zowawa. Analetsa kuboola mijigo yatsopano ya ulimi, anaika mamita pa mijigo yakale, napatsa mlimi aliyense muyeso wosapyola. Minda yina inagulidwa nileka kuthiriridwa, ndipo madzi amene ikadamwa anawapopera mumtsinje ndi mipope kuti akafike kwa anzao a kumunsi. Ife sitinafike pamenepo, ndipo mwai wathu ndi womwewo. Mnzako akapsa ndebvu mzimire, ndiponso uyang'ane kumene kunacokera moto.

NJIRA ZOSAMALIRA

Kodi tsono dera longa Chitipa licite ciani kuti anthu ace amwe ndi kuthirira, koma dziko lisaswe mau ace kwa anansi? Njira zace ndi izi.

1. Kudziwa. Mjigo uliwonse ulembedwe: pamene uli, kuya kwace, ndi madzi amene upatsa. Msinkhu wa madzi m'zitsime zosankhidwa uyesedwe mwezi ndi mwezi, ndi mtsinje womwe uyesedwe. Mawerengerowo maiko awiri aonetsane, cifukwa anthu owerenga m'buku limodzi sakangana msanga.

2. Kuika zoyamba patsogolo. Madzi akumwa a anthu ndi ziweto ndiwo oyamba. Mtsinje naonso usiyiridwe madzi okwanira kuti nsomba ndi zomera za m'mbali mwace zikhale ndi moyo. Otsalawo ndiwo agawidwe kwa othirira ndi a malonda.

3. Kupereka zilolezo mwanzeru. Pampu yaikuru isaikidwe pafupi ndi mtsinje, kasupe kapena citsime ca mudzi, ikhale ndi mita, ndipo mwini wace adziwiretu kuti caka ca cilala muyeso wace udzacepetsedwa.

4. Kutsegulira mvula khomo. Nkhalango za m'mapiri zisungidwe, mizere ikhale yopingasa, madambo asaumitsidwe, ndipo m'mbali mwa mitsinje musalimidwe kufikira pa gombe. Pa akasupe pabzalidwe mitengo yacibadwa monga mkuyu, katope ndi mbawa. Bulugama amamwa madzi ambiri, ndipo malo ace ndi kutali ndi kasupe.

5. Kusunga madzi a m'dzinja. Madamu ang'onoang'ono ndi akasinja olandira madzi a pa denga amacepetsa kudalira mjigo m'cirimwe.

6. Kuthirira mosataya. Kuthirira m'mawa kapena madzulo, kuphimbira nthaka ndi mapesi, ndi kukonza mipope yodontha, zonsezi zimabweza madzi ku mtsinje popanda kucepetsa zokolola.

Zimenezi Boma lokha silingazithe. Mafumu monga Mwabulambya, Kameme ndi Mwenemisuku, amene maiko ao atsetserekera ku Songwe, pamodzi ndi nyakwawa zao ndi makomiti a pa mijigo, ndiwo ali ndi maso pa malo enieniwo.

NCHITO YA MPHUNZITSI

Mwina mufunsa kuti mphunzitsi wa sukulu ya pulaimale alowapo bwanji pa nkhani ya maboma. Alowapo cifukwa ana amene ali pamaso pace ndiwo adzakhala alimi, mafumu ndi oboola mijigo, ndipo cimene munthu anaciona ndi maso ace ali mwana saciiwala. Nazi nchito zinai zosafuna ndalama.

Yoyamba, tengani beseni, muthiremo mcenga wokwera mbali imodzi, ndipo mbali yotsikayo mulembe kakhwawa ndi cala. Thirani madzi pang'onopang'ono ku mtunda ndi citini coboola, monga mvula, kenaka lekani. Ana adzaona kakhwawa kaja kakudzala madzi ngakhale mvula yaleka. Tsono boolani kadzenje pakati pa mtunda ndi khwawa, mwana mmodzi atape madzi m'menemo ndi supuni kosalekeza, ena ayang'ane cimene cicitike m'khwawa. Musawauze yankho, anene okha.

Yaciwiri, ngati pafupi pali citsime cotseguka, yesani msinkhu wa madzi ndi cingwe comangirira mwala tsiku loyamba la mwezi uliwonse, inu mwini muli pomwepo kuti mwana asagweremo. Ikaninso citini coyesera mvula pabwalo la sukulu. Pakutha pa caka ana ajambule mizere iwiri pa pepala limodzi, ndipo adzaona kuti citsime cimatsata mvula mocedwa.

Yacitatu, masamu a ndowa, pampu ndi hekitala amene tawerengera pamwambapa muwapatse ana a makalasi apamwamba, koma mawerengero ace akhale a mudzi wao womwe.

Yacinai ikhudza maphunziro athu a zinenero. M'Cicewa tiri ndi mau ambiri osiyanitsa madzi: kasupe, citsime, dziwe, thamanda, thawale, dambo, khwawa, mfuleni, mathithi, cinyontho. Mau ali onsewa asunga nzeru ya makolo, pakuti munthu wosiyanitsa thamanda ndi kasupe adziwa kale kuti madzi ena angoima pamwamba ndipo ena aturuka pansi. Ku Chitipa mudzapeza ana olankhula Cilambya, Cindali, Cisukwa, Cinyiha, Citumbuka ndi zinenero zina. Musayese zimenezi cobvuta, ndi cuma. Atumeni kwa agogo ao akafunse mau a madzi m'cinenero ca kwao, maina a akasupe a m'dera lao ndi matanthauzo ace, akasupe amene analipo kale koma anaphwa, ndi miyambo imene inaletsa kudula mitengo pa malo ena. Zolembazo muzisunge m'buku la sukulu, ndipo mukatumize zina ku magazini ino kuti anzanu a m'maboma ena aphunzireko. Buku lotere likasungidwa zaka khumi lidzakhala mboni imene ngakhale akatswiri a za madzi adzafuna kuiona.

Tsiku lija, ana ataweruka, ine ndi wophunzira wathu uja tinatsikira ku mtsinje. Tinapeza pamene madzi anali kubvumbuka m'munsi mwa gombe, ozizira, nayenda kamzere kakang'ono kulowa mu Songwe. Tsidya lija amai ena anali kutunga pa malo onga omwewo. M'mawa mwace iye anapita ndi kalasi lonse pamalopo, ndipo mtsikana uja ndiye anafotokozera anzace. Inunso mukadzafunsidwa funso lokuposani, musamkalipire mwana, ndipo musamnamize. Mutengeni mupite naye kumene kuli yankho.